Kodi Mlandu Suoladi? Malamulo ndi Munthu Wotuluka M'ndende kwa Mlonyeni

Mawu Oyamba

Akuluakulu adati mlandu suola. Mwambiwu amaunena pochenjeza munthu amene wapalamula n'kuthawa, kuti ngakhale papite zaka zingati, tsiku lina adzakhalabe pabwalo. Koma makolo omwewo adali ndi mwambo wina umene sitiukumbukira kawirikawiri. Wolakwa akapereka mbuzi kapena nkhuku imene bwalo lagamula, mfumu inkalengeza kuti mlandu watha, ndipo wina akadzaidzutsanso nkhaniyo pamowa, iyeyo ndiye ankasanduka wopalamula. Izi zikusonyeza kuti mlandu umene suola ndi umene sunazengedwe. Umene wazengedwa n'kulipidwa unkayenera kukwiriridwa.

Chimangirizo chino chikuunika funso ili: munthu akamaliza chilango chimene boma lidamupatsa, kodi malamulo a dziko lino amamuthandiza bwanji kuti akhalenso munthu pakati pa anzake? Zitsanzo zambiri zichokera m'dera la Inkosi Mlonyeni, m'boma la Mchinji, kumalire ndi dziko la Zambia, kumene ine ndidakulira. Maganizo anga ndi akuti malamulo athu amaidziwa bwino njira yolowera kundende, ndipo ayamba kuphunzira njira yotulukira, koma sadafike pomuperekeza munthu mpaka pakhomo pake.

Mnyamata woba mbuzi

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 24, wapabanja, wa ana awiri. M'mwezi wa February, nkhokwe zitauma, waba mbuzi ziwiri n'kukazigulitsa kutsidya kwa malire. Kuba ziweto si mlandu wamasewera. Gawo 281 la malamulo a milandu ndi zilango zake limalola bwalo kupereka chilango chofika zaka 14. Tinene kuti woweruza paboma pa Mchinji wamuchitira chifundo n'kumupatsa miyezi 36. Akaidi ambiri a ku Mchinji amakagwira ukaidi wawo kundende ya Maula mumzinda wa Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera paboma. Kwa mkazi wake, amene ndalama ya mchere yokha ikumuvuta, mtunda umenewu ndi chimodzimodzi kunja kwa dziko. Akamuyendera kamodzi kapena kawiri, basi.

Kuyambira m'nthawi ya lamulo la ndende la 1956, mkaidi wakhalidwe labwino wakhala akuchotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Choncho mnyamata wathuyu atuluka patatha miyezi 24. Kwa mlimi, miyezi imeneyi ndi dzinja ziwiri zathunthu.

Akafika kumudzi apeza zotani? Choyamba ndi munda. Kwathu kuno Angoni ndi Achewa adasakanikirana, kotero kuti mabanja ena ndi achitengwa pamene ena ndi achikamwini. Ngati adatenga mkazi kubwera naye kwawo, mwina apeza mbale wake akulima mundawo, kapena adaubwereketsa kwa wina kuti apeze ya sopo wokamuonera. Ngati adali mkamwini, zinthu zimavuta koposa, pakuti munda ndi wa kuchikazi ndipo akuchikaziwo sachedwa kunena kuti sakufuna mbava pakhomo pawo. Chachiwiri ndi mpamba. Mtedza ndi soya, mbewu zimene alimi a ku Mchinji amadalira, zimafuna mbewu yogula kapena yobwereka, ndipo kalabu ya alimi kapena banki m'khonde imayendera kukhulupirirana. Ndani angamuikire umboni? Kupalasa kabaza kumafuna njinga, ndipo mwini njinga sangaipereke kwa munthu amene amadziwa tinjira tonse ta kumalire.

Chachitatu, chomwe chili cholemera kuposa zonse, ndi dzina. Nkhuku ikasowa m'mudzi, chitseko choyamba kugogodedwa ndi chake. Masiku ano, pamene anthu ena adazolowera kulanga okha oganiziridwa kuba, kugogoda kumeneku kukhoza kuthera kumanda. Boma lidati miyezi 36, koma mudzi sudanene kuti chilango chake chidzatha liti.

Zimene malamulo athu akunena kale

Kungakhale kulakwa kunena kuti malamulo a Malawi alibe chilichonse chothandiza munthu wotere. Alipo, kungoti ali apa ndi apo.

Tiyambe ndi Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994. Gawo 42 limati aliyense wosungidwa m'ndende asungidwe molemekeza umunthu wake, ndipo limatchula chakudya chokwanira, chithandizo cha mankhwala, komanso zowerenga ndi zolembera. Wina angafunse kuti izi zikukhudzana bwanji ndi kubwerera kumudzi. Zikukhudzana kwambiri. Munthu wotuluka ali ndi chifuwa chachikulu kapena atatupikana chifukwa cha njala sangagwire khasu. Wotuluka ndi satifiketi ya MSCE, monga amachitira akaidi ena amene amalemba mayeso ali m'ndende, ali ndi poyambira. Mu 2009, pamlandu umene mkaidi wina, Gable Masangano, adasumira boma, bwalo loona za Malamulo Oyendetsera Dziko lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu, pamodzi ndi kusowa kwa mpweya wabwino, ndi nkhanza zonyazitsa munthu. Lidapereka miyezi 18 kuti chiwerengero cha akaidi chitsike ndi theka. Zaka zadutsa, koma ndende zathu zapitirira kusunga anthu ochuluka pafupifupi kawiri kuposa amene zidamangidwira. Mphunzitsi wa ukalipentala angaphunzitse bwanji anthu amene usiku wonse agona chokhala?

Njira ina, imene ine ndimaiona kuti ndi yanzeru koposa, ndi yoti munthu asachoke n'komwe pamudzi. Gawo 340 la lamulo la kazengedwe ka milandu limati munthu amene wapalamula koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha bwalo litakhutira kuti palibe njira ina yoyenera. Kuyambira mu 2000, Malawi adayambanso chilango chogwira ntchito zothandiza anthu popanda malipiro, potengera zimene dziko la Zimbabwe lidayamba m'zaka za m'ma 1990. Munthu wa mlandu waung'ono, umene chilango chake sichipitirira miyezi 12, akhoza kumatchetcha pachipatala kapena kuumba njerwa pasukulu, madzulo n'kukagona kunyumba kwake. Ubwino wake ndi wakuti munda sugona, banja silipasuka, ndipo amene adalakwiridwa amamuona ndi maso awo akulipira. Komanso mu 2017, pamlandu wa Mayeso Gwanda, Bwalo Lalikulu lidathetsa ndime ina ya lamulo la vakabu imene apolisi ankagwirira anthu ongopezeka panjira usiku. Chigamulo chimenechi chidatseka khomo limodzi limene amphawi ambiri ankalowera m'kaundula wa opalamula.

Kwa ana, lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lidapita patsogolo kwambiri. Limaletsa ngakhale kugwiritsa ntchito pa mwana mawu amene timagwiritsa ntchito pa wamkulu wopezeka wolakwa, ndipo limalimbikitsa kuti milandu ing'onoing'ono ithere kunja kwa bwalo. Ophunzira chiyankhulo ayenera kuima pang'ono pamenepa. Opanga lamuloli adazindikira kuti liwu lokha likhoza kukhala chilango. Nzeru imeneyi sidafikebe kwa akuluakulu.

Pali chikhululukiro cha mtsogoleri wa dziko, chomwe chili m'gawo 89. Nthawi zambiri chimaperekedwa pa 6 July, pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Chikhululukiro chimatsegula chipata, koma sichikonza kumene munthu akupita. N'chifukwa chake mayina akangolengezedwa pawailesi, anthu m'midzi amayamba kunena kuti tsopano tigone ndi mbuzi m'nyumba.

Chatsopano ndi chakuti mu 2025 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la ndende lolowa m'malo mwa lija la atsamunda la 1956. Mwa zina, lamuloli lidabweretsa dongosolo la parole. Uku ndi kumasula mkaidi asanamalize chilango chake kuti akachimalizire kunyumba akuyang'aniridwa, atavomera kutsata mfundo zina, ndipo akaziphwanya amabwezedwa kundende. Anzathu a ku Zambia adayamba dongosolo lotere mu 2008, ndipo mu 2016 adasintha dzina la nthambi yawo ya ndende kukhala Zambia Correctional Service, kusonyeza kuti cholinga ndi kukonza munthu. Ndende ya Namuseche ku Chipata ili pafupi ndi midzi ina ya kwathu kuposa Maula, ndiye kuti kwa zaka zambiri anthu a mtundu umodzi, olankhula chiyankhulo chimodzi, akhala pansi pa malamulo osiyana chifukwa cha mzere wa malire okha.

Ntchito yophunzitsa otuluka m'ndende luso lamanja yakhala kwambiri m'manja mwa mipingo ndi mabungwe. Chitsanzo chodziwika ndi nyumba ya Prison Fellowship Malawi ku Balaka, kumene akaidi otsala pang'ono kutuluka amaphunzira ntchito monga ukalipentala ndi utelala. Ntchitoyi ndi yotamandika, koma chifundo cha bungwe si ufulu umene munthu angakaufunse kubwalo, ndipo nyumba imodzi singakwanire dziko lonse.

Chikalata cha kupolisi

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Munthu akapezeka wolakwa, zidindo za zala zake ndi mbiri ya mlandu wake zimasungidwa kupolisi. Tsiku limene adzafune ntchito ya ulonda pakampani, ya udalaivala m'bungwe, kapena chilolezo chokagwira ntchito kunja, adzauzidwa kuti abweretse chikalata cha kupolisi chosonyeza kuti alibe mlandu. Pamenepo mbuzi zija, zimene zidadyedwa kalekale, zimadzukanso.

Mwa malamulo onse amene tatchula pamwambapa, palibe limene likunena tsiku limene mbiri ya munthu wamkulu idzaleke kumutsata. Gawo 5 la lamulo la ntchito la 2000 limaletsa tsankho polemba anthu ntchito, ndipo limatchula mtundu, khungu, chipembedzo, chiyankhulo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi ndi zina, koma silitchula mwachindunji munthu amene adakhalapo m'ndende. Gawo 29 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa aliyense ufulu wogwira ntchito ndi kudzipezera zosowa paliponse m'Malawi. Ufuluwu ulipo papepala, koma wolemba ntchito akaona chikalata chija sanena chifukwa chimene wakukanira. Amangoti tidzakuitanani.

Chodabwitsa n'chakuti Malamulo Oyendetsera Dziko omwewo amavomereza kuti mlandu umatha. Gawo 51 limaletsa munthu kupikisana nawo paudindo wa phungu ngati adapezeka wolakwa pamlandu wokhudza kusakhulupirika m'zaka 7 zapitazo. Gawo 80 limanena chimodzimodzi za wofuna kukhala mtsogoleri wa dziko. Tanthauzo lake ndi lakuti zaka 7 zikadutsa, mnyamata wathu wa mbuzi uja ali ndi ufulu woimira anthu a kwa Mlonyeni ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mlandu uja sungamuletsenso kudzapikisana nawo paudindo wolamulira dziko lonse. Koma kuti alondere golosale usiku, chikalata chikumukaniza. Ngati dziko lingamukhulupirire munthu ndi chuma cha boma patatha zaka 7, palibe chifukwa chomveka choti lisamukhulupirire ndi tochi ndi chibonga.

Maiko ena adaliona vutoli. Ku Britain, lamulo la 1974 lotchedwa Rehabilitation of Offenders Act limati pakapita nthawi yoikika, imene imatalika molingana ndi kukula kwa chilango, munthu sakakamizidwanso kuulula mlandu wake pofunsira ntchito zambiri. Ku South Africa, kumene achinyamata athu ambiri amathamangira, kuyambira mu 2009 munthu amene adalandira chilango chaching'ono, monga faindi yosapitirira R20,000 kapena ukaidi woimikidwa, akhoza kupempha kuti mbiri yake ifufutidwe patatha zaka 10. Ku United States chigawo chilichonse chimapanga malamulo akechake. Hawaii mu 1998 idalamula kuti wolemba ntchito asafunse za milandu kufikira atamusankha kale munthuyo, ndipo Pennsylvania mu 2018 idakonza zoti kompyuta izitseka yokha mbiri ya milandu ing'onoing'ono nthawi ikakwana, munthu osalemba kalata kapena kulipira loya.

Sindikunena kuti tingokopera. Lamulo la ku South Africa, mwachitsanzo, silingamuthandize mnyamata wathuyu, chifukwa iye adakagwiradi ukaidi popanda mwayi wa faindi. Ndipo njira yoti munthu achite kulemba kalata m'Chingerezi kupita ku Lilongwe ingathandize okhawo ophunzira ndi a ndalama, omwe kawirikawiri sakhala m'ndende n'komwe. Ngati Malawi angapange lamulo lotere, nzeru ya ku Pennsylvania ndiyo ingatiyenere: nthawi ikakwana, mbiri izitsekeka yokha.

Pali ena amene angatsutse, ndipo mantha awo ndi omveka. Kodi munthu amene adagwirira mwana tidzamulole kukaphunzitsa kusukulu ya mkaka chifukwa choti zaka zadutsa? Ayi. Maiko onse amene tatchulawa amapatula milandu yotere, ndipo ntchito zosamalira ana zimakhala ndi malamulo akeake. Koma kuopa anthu ochepa oopsa kusatichititse kumanga mtolo umodzi woba chinangwa, wogwidwa ndi makala ndi wakupha mwadala. Komanso tisaiwale kuti munthu amene watsekeredwa makomo onse a ntchito yabwino amatsala ndi khomo limodzi, lomwe lija adalowera poyamba. Pamenepo wovutika ndi mwini mbuzi.

Phunziro la mlandu wa Kafantayeni

Ngakhale chikalata cha kupolisi chitafufutidwa, kumudzi anthu sawerenga zikalata. Amakumbukira. Apa m'pamene dziko lino lili ndi phunziro lakelake limene silidachokere kunja.

Mu 2007, pamlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake asanu, Bwalo Lalikulu lidagamula kuti n'kosemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pamlandu wakupha popanda kumva zifukwa zopeputsira chilango. Zotsatira zake zidali zakuti akaidi onse amene adaweruzidwa motero adayenera kumvedwanso. Ntchitoyi idayamba mu 2015, ndipo anthu oposa 100 adamasulidwa, ena atakhala m'ndende zaka zoposa 15. Awa sadali akuba nkhuku. Adali anthu amene midzi yawo inkawadziwa kuti adakhetsa mwazi.

Chimene chidachitika n'chakuti milandu isanalowenso m'bwalo, alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI pamodzi ndi anzawo adapita kumidzi ya akaidiwo. Adakhala pansi ndi mafumu, abale a mkaidi, ndiponso abale a malemu kumene kudali kotheka. Adafunsa za khalidwe la munthuyo asanapalamule, adafotokoza chifukwa chimene bwalo likumvanso mlanduwo, ndipo adafunsa ngati mudzi ungamulandire. Mawu a mafumu adafika pamaso pa oweruza. Pambuyo pake, PASI ndi sukulu ya zamalamulo ya Cornell adafunsa mafumu oposa 100 a m'midzi imene anthuwa adabwerera, ndipo ambiri mwa iwo adati sakugwirizananso ndi chilango cha imfa, ataona ndi maso awo kuti munthu amasintha.

Chidathandiza apa n'chiyani? Mudzi udafunsidwa munthu asanafike. Sudangodzidzimuka m'mawa kuona uja adapita ndi unyolo akutsika pa kabaza. Ngati izi zidatheka ndi milandu yakupha, zingalephere bwanji ndi mlandu wa mbuzi ziwiri? Ku Mchinji maziko ake alipo kale, pakuti bomali lidali limodzi mwa maboma oyamba kumene PASI idaphunzitsa anthu a m'midzi kuyanjanitsa okangana popanda kupita kupolisi. Anthu omwewo akhoza kukhazika pansi wotuluka m'ndende ndi mwini mbuzi pamaso pa nyakwawa. Mwini mbuzi ali ndi dandaulo lenileni limene bwalo la boma kawirikawiri sililimva: wakubayo adakalima kumunda wa ndende, koma khola lake likadali lopanda kanthu. Mwina chimene chingatseke nkhani ndi kamwana ka mbuzi koperekedwa pabwalo pakatha kukolola, anthu onse akuona, mfumu n'kunena mawu aja akale akuti mlandu watha.

Vuto n'lakuti zimene zidachitika pa Kafantayeni idali ntchito ya kanthawi yodalira thandizo la mabungwe. Sidasanduke udindo wa boma kwa mkaidi aliyense. Mu 2015 bungwe la United Nations lidavomereza mfundo za kasungidwe ka akaidi zotchedwa Nelson Mandela Rules, zomwe zimakumbutsa maiko kuti udindo wawo suthera pachipata cha ndende. Kwa ife, kupitirira chipatacho ndiye kufika kwa nyakwawa.

Nkhani ya chiyankhulo

Pomwe dongosolo la parole likuyamba, pabuka funso limene likutikhudza ife a m'nthambi ya ziyankhulo. Liwuli lilibe mnzake m'Chichewa. Tikati "kukhululukidwa" tanama, chifukwa munthuyo akadali pachilango. Tikati "belo" tasokoneza, pakuti belo ndi ya munthu amene mlandu wake sunagamulidwe, ndipo tikudziwa kale mmene anthu amakwiyira akaona woganiziridwa watuluka pabelo, n'kumati apolisi adya ndalama. Munthu wa parole akadzafika kwa Mlonyeni miyezi isanakwane imene anthu adamva kubwalo, popanda wofotokoza m'chiyankhulo chawo, adzati wathawa kapena wahonga. Moyo wake udzakhala pachiswe chifukwa cha kusowa kwa liwu.

Mawu amene tili nawo kale nawonso ali ndi katundu. Timati "mkaidi" ngakhale kwa munthu amene adatuluka zaka khumi zapitazo, ngati kuti ndi mfunda wake. Ana ake amatchedwa ana a mkaidi pabwalo la mpira. Pamaliro amapatsidwa ntchito yokumba manda, koma osati yosunga mbale ya chipepeso.

Ine ndikadakonda kuti wotuluka m'ndende aliyense azinyamula kalata ya m'Chichewa yopita kwa nyakwawa yake, yonena mlandu umene adapalamula, chilango chimene wagwira, luso limene waphunzira, ndiponso ngati watsala ndi mfundo zoti azitsata. Kalatayo iziwerengedwa pabwalo, monga momwe amawerengera kalata za katemera kapena za makuponi. Pa liwu la parole, mnzanga wina m'kalasi adapereka ganizo lakuti "kumalizira kunyumba". Ena adati mawuwa akumveka ngati za wodwala amene achipatala amulephera. Tidaseka, koma mpaka belu lidalira tisanapeze ena oposa amenewa.